Mapepala a usilikali ndi mamendulo akalakwika: mafunso ndi mayankho kwa a ku Joni

Mafunso ali m'munsimu ndi omwe anthu akhala akutifunsa tikakumana pamaliro, kutchalitchi, kumzikiti, ngakhale pa Park Station tikudikira katundu wochokera kumudzi. Ambiri ofunsa si asilikali eni ake ayi. Ndi ana, adzukulu ndi amayi amasiye omwe anatsala ndi chikwama cha mapepala ofiirira, ndipo atawerenga mofatsa apeza kuti dzina, chaka kapena udindo wa malemu sizikugwirizana ndi zomwe banja likudziwa. Enanso ndi abambo omwe anavula yunifolomu kwathu n'kubwera kuno kudzasaka ntchito. Tikamba za asilikali a Malawi, a Britain kuphatikizapo KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali akuda la nthawi ya atsamunda) ya agogo athu, a South Africa ndi a America, chifukwa ndi komwe abale athu akhala akulowa usilikali. Ife si maloya, ndipo mlandu ukafika kukhoti mufunika loya weniweni.

Kodi ndi zolakwika zotani zomwe zimapezeka kawirikawiri?

Dzina ndiye likutsogola, kenako tsiku lobadwa. Pambuyo pake pamabwera tsiku lolowera ndi lotulukira ntchito, udindo womwe munthu anapuma nawo, maulendo a kunkhondo omwe sanalembedwe, kuvulala komwe sikukuoneka m'faelo, ndi mendulo yomwe anzake onse a gulu limodzi analandira koma iye ayi. Cholakwika chooneka chaching'ono chimatha kudya ndalama zambiri. Chaka chimodzi chikasowa pa zaka za ntchito, penshoni imatsika mpaka imfa, ndipo mayi wamasiye amalandira motsika momwemo.

Ndiyambire pati?

Yambani ndi nambala ya usilikali. Msilikali aliyense amapatsidwa nambala tsiku lolowa, ndipo ofesi zonse zimasunga faelo potsata nambalayo. Dzina lingalembedwe m'njira zinayi, koma nambala imakhala yomweyo. Iyang'aneni pa kalata yotulukira ntchito, pa kabuku ka malipiro, pa pepala la penshoni, kuseri kwa chithunzi, m'mbali mwa mendulo, kapena pa bokosi lachitsulo lomwe agogo anabwera nalo. Akuluakulu ena amene anaiwala zambiri, mukawafunsa nambala amaitchula yonse osapunthwa, chifukwa ankaifuula m'mawa uliwonse pa perete. Ngati mwiniwake akadali moyo, mufunseni lero, mulembe, ndipo mujambule mawu ake pafoni.

Mukapeza nambala, pemphani kope la faelo yonse musanadandaule chilichonse. Anthu ambiri amathamangira kulemba kalata yaukali asanaone zomwe zili m'faelo, kenako amapeza kuti faelo ili bwinobwino ndipo cholakwika chili pa kapepala kamodzi kokha komwe kalaliki wina anakopera molakwitsa.

Dzina la agogo pa mapepala a KAR likusiyana ndi lomwe tikulidziwa. Tingatsimikize bwanji kuti ndi munthu yemweyo?

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amagwa mphwayi, choncho tifatsepo. Nthawi ya atsamunda, wolemba asilikali sankafunsa chiwongo ayi. Ankalemba dzina la mnyamatayo, dzina la bambo ake, mudzi, mfumu ndi boma. Munthu yemwe inu mukumudziwa kuti anali Phiri akhoza kukhala m'kaundula popanda mawu akuti Phiri paliponse. Onjezani apo kuti wolembayo ankalemba momwe khutu lake lamvera, kuti anyamata ena anatenga dzina latsopano kuchinamwali, kujando kapena paubatizo, ndiponso kuti ena analembetsa dzina la mkulu wawo pothawa msonkho kapena pobisa zaka. Si zachilendo kupeza munthu mmodzi ali ndi dzina la kunkhondo, dzina la ku migodi ya Wenela ndi dzina la kumudzi.

Maina a malo nawonso anasintha. Pepala likati Fort Johnston ndiye Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa. Cholo ndi Thyolo, Mlanje ndi Mulanje, Kota Kota ndi Nkhotakota, Ncheu ndi Ntcheu. Musataye pepala poganiza kuti ndi la munthu wina chifukwa choti simukulidziwa dzina la bomalo.

Chomwe mukufuna ndi mlatho wolumikiza maina awiriwo. Kalata ya a mfumu yonena kuti uje ndi uje ndi munthu mmodzi wa m'mudzi mwawo, yodindidwa ku ofesi ya DC, imalemera kwambiri. Kaundula wa ubatizo kapena wa ukwati ku mishoni amathandiza, chifukwa abusa ndi ansembe ankakonda kulemba maina onse awiri. Chitupa chakale cha msonkho ndi chitupa cha ku migodi nazonso ndi umboni. Pamwamba pa zonsezi lembani kalata yolumbira yofotokoza momwe maina anasinthira. Kuno ku Joni mungalumbire pa polisi iliyonse ndipo salipiritsa.

Dziwaninso kuti ofesi zosunga zakale sizifufuta kaundula wa 1942 kuti zilembemo dzina latsopano. Kaundulayo ndi mbiri, amakhala momwe alili. Chomwe mukulimbirana n'choti ofesi ivomereze kuti munthu wa m'kaundula ndi agogo anu, basi.

Chilembo chimodzi chokha ndi chomwe chalakwika. Ndingokonza ndi bolopeni?

Ayi, ndithu musayerekeze. Pepala la boma likakhudzidwa ndi cholembera kapena chofufutira limasanduka lokayikitsa, ndipo mutha kuimbidwa mlandu wachinyengo pa chinthu chomwe munali ndi ufulu wochikonzetsa. Wokonza ndi ofesi yomwe inalitulutsa.

Ndinali mu Malawi Defence Force koma tsopano ndili ku Johannesburg. Ndiyenera kupita kumudzi?

Poyambira simuyenera. Lembani kalata yopita ku likulu la asilikali ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe. Ikani nambala yanu, udindo, maina onse, magulu omwe munakhalamo, kaya ndi Cobbe ku Zomba, Moyale ku Mzuzu kapena kwina, ndi chaka chomwe munamaliza maphunziro ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Nenani cholakwikacho m'chiganizo chimodzi, nenaninso momwe chiyenera kulembedwera. Kalata ya masamba asanu yofotokoza mavuto onse a moyo wanu siwerengedwa mpaka kumapeto.

Matani makope odindidwa a mapepala anu, enieniwo asachoke m'manja mwanu. Kenako sankhani m'bale wodalirika kumudzi, mumulembere kalata yomupatsa mphamvu yokuimirirani, kuti akapereke kalatayo pamanja ndi kudinditsa kope losonyeza tsiku lomwe yalandiridwa. Pa mapepala opita ku Malawi ndi bwino kufunsa ku ofesi ya Consulate ya Malawi muno mu Johannesburg kapena kwa kazembe ku Pretoria za chidindo chomwe chikufunika.

Onetsetsani kuti tsiku lobadwa pa chiphaso cha unzika, chomwe chinayamba kuperekedwa kwa anthu onse mu 2017, likufanana ndi la m'faelo ya usilikali. Zikasiyana, muyenera kudziwa kaye kuti cholakwa ndi chiti. Ngati ndi chiphaso, nkhaniyo ndi ya a NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, osati ya asilikali.

Pali chinthu chimodzi chomwe sitingabise. Ngati munachoka ntchito osatsazika, n'kukwera basi usiku, faelo yanu ikunena zimenezo ndipo si cholakwika. Funsani loya musanalembe kalata iliyonse.

Ndinapita ku Congo ndi gulu losungitsa mtendere koma mendulo ya UN sikuoneka m'faelo yanga.

Mendulo ya United Nations kawirikawiri imaperekedwa munthu akakwanitsa masiku 90 pa ntchitoyo, ndipo imaperekedwa konko pa perete gulu lisanabwerere. Amene amaphonya ndi omwe anabwezedwa msanga chifukwa cha matenda, omwe anali m'chipatala tsiku la pereteyo, kapena omwe anapita mochedwa kukalowa m'malo mwa wina. Njira yake ndi yodzera ku likulu la asilikali a dziko lanu, chifukwa ndi lomwe linakutumizani ndipo ndi lomwe lili ndi mndandanda wa gululo. Umboni wabwino ndi chiphaso cha UN chomwe munkavala, zidindo za m'pasipoti, mapepala a ndalama za ulendowo, ndi kalata ya bwana yemwe ankatsogolera gulu lanu.

Asilikali a Malawi akhala ku Congo mu gulu lapadera lolimbana ndi zigawenga kuyambira 2013, limodzi ndi a South Africa ndi Tanzania, ndipo anapitanso ku Ivory Coast. Tchulani dziko, chaka ndi gulu momveka. Samalani kuti ulendo wa pansi pa SADC, monga womwe unayamba kumapeto kwa 2023, si wa UN, kotero mendulo ya UN siukhudza.

Mapepala a asilikali a KAR amasungidwa kuti?

Anamwazikana, ndipo muyenera kugogoda zitseko zingapo. King's African Rifles inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland. Mu 1964 batalioni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Choncho khomo loyamba ndi kwathu konko: nyumba yosunga zakale ya National Archives of Malawi ku Zomba, ndi bungwe la asilikali opuma la VELOM, lomwe kale linkatchedwa CELOM ndipo limagwira ntchito ndi Royal Commonwealth Ex-Services League ya ku London. A bungweli akhala akufufuza nkhalamba za KAR m'midzi kwa zaka zambiri ndipo amadziwa kuwerenga mapepala amenewa.

Ku Britain, nyumba ya The National Archives ku Kew imasunga mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu ankhondo. A ku Burma ali mu mndandanda wotchedwa WO 172. Mabukuwa satchula msilikali wamba aliyense, koma amasonyeza komwe batalioni inali tsiku lakuti, ndipo zimenezo n'zokwanira kutsimikiza kuti munthu wa batalioni imeneyo anafika kudera lopatsa mendulo.

Tingadziwe bwanji mamendulo omwe agogo anayenera kulandira pa nkhondo yachiwiri?

Mamendulo a nkhondo imeneyi ankaperekedwa potsata malo ndi masiku, osati chifundo cha bwana. War Medal inkafuna masiku 28 okha a usilikali. Nyenyezi ya 1939–45 inkafuna miyezi isanu ndi umodzi kudera la nkhondo. Africa Star inali ya omwe anamenya pakati pa 10 Juni 1940 ndi 12 Meyi 1943 kumpoto kwa Africa, komanso ku Abyssinia (Ethiopia), Somaliland ndi Eritrea. Burma Star inali ya nkhondo ya ku Burma kuyambira 11 Disembala 1941 mpaka 2 Sepitembala 1945, ndipo Anyasa ambiri anaipeza ali mu 11th East Africa Division yomwe inadutsa chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula mu 1944.

Pali msampha umodzi. Agogo akamati anamenya ku Madagascar mu 1942, banja limaganiza kuti Africa Star inasowa. Ayi, Madagascar sinkawerengedwa pa Africa Star, inkawerengedwa pa nyenyezi ya 1939–45. Amene anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950 mendulo yawo ndi General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Malaya.

Musadabwe kupeza kuti mamendulo a nkhondo yachiwiri omwe Britain inapereka alibe dzina. Ankaperekedwa choncho. A South Africa ndi omwe ankadinda dzina ndi nambala pa awo. Ndiye mendulo yopanda dzina si yabodza, komanso payokha si umboni wakuti ndi ya agogo anu.

Anthu onse m'mudzi amanena kuti agogo anachita chamuna kunkhondo. Angapatsidwe mendulo ya kulimba mtima tsopano?

Kunena zoona, ku Britain khomo limeneli ndi lotseka. Boma lawo silibwereranso kukaunika zochitika zomwe zapitirira zaka zisanu kuti lipereke mendulo ya kulimba mtima. Nkhani ya Job Maseko wa kuno ku South Africa ikuonetsa kuuma kwa lamuloli. Iye anali mu Native Military Corps, ndipo ali mkaidi ku Tobruk mu 1942 anaphulitsa sitima ya adani ndi bomba lopanga yekha m'chitini. Anapatsidwa Military Medal. Anthu akhala akupempha kuti ikwezedwe kukhala Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima, koma boma la Britain linakana.

Chotheka ndi kufufuza ngati agogo anapatsidwa kale mendulo yotero koma banja silinadziwe. Mamendulo a kulimba mtima ankalengezedwa mu nyuzipepala ya boma ya London Gazette, yomwe ili pa intaneti mwaulere, ndipo makalata owavomereza ali ku Kew mu WO 373. Sakani ndi nambala, chifukwa dzina likhoza kukhala lopindika.

Mamendulo anabedwa kapena anapsa ndi nyumba.

Pa mamendulo a Britain ofesi yake ndi Ministry of Defence Medal Office ku Innsworth, Gloucester. Imapereka mamendulo a nkhondo yachiwiri ndi a m'mbuyo mwake omwe sanatengedwe, koma a nkhondo yoyamba, ija makolo ankaitcha ya Chiwaya, siiperekanso. Kuti ikupatseni ena m'malo mwa otayika imafuna umboni wakuti anabedwa kapena anawonongeka ndi ngozi monga moto, ndiye lipoti la polisi ndi lofunika. Mu Novembala 2023 Mfumu Charles ili ku Nairobi inapereka mamendulo atsopano kwa nkhalamba za ku Kenya zomwe zinataya awo, kotero nkhani ya asilikali a ku Africa si yotsekeka.

Ngati akuberani kuno, monga zimachitikira m'zipinda za lendi, katsegulitseni mlandu sabata yomweyo ndipo m'lipotimo mutchule mendulo iliyonse ndi dzina lake.

Bambo anga anabadwira ku Malawi koma anagwira usilikali kuno ku South Africa. Angalembetsedwe ngati msilikali wopuma?

Lamulo lake ndi Military Veterans Act nambala 18 ya 2011, ndipo mawu ake oyamba ndi akuti munthuyo akhale nzika ya South Africa. Likatero limawerenga omwe anali m'magulu a mbali zonse za nkhondo yomenyera ufulu kuyambira 1960 mpaka 1994, omwe anali mu Union Defence Force chisanafike chaka cha 1961, ndi omwe analowa SANDF, gulu lankhondo la South Africa la masiku ano, 1994 itadutsa. Limapatula omwe anachotsedwa ntchito mochititsa manyazi. Kaundula wake amasungidwa ndi Department of Military Veterans ku Pretoria, ndipo thandizo la nyumba, chipatala, sukulu ya ana kapena penshoni limayambira pa kupezeka m'kaundulamo.

Zitseko ndi ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. Ngati cholakwika chili m'kaundula wa asilikali opuma, monga nambala ya ID kapena maina a ana, pitani ku dipatimenti ya asilikali opumayo. Ngati chili m'faelo ya ntchito, monga masiku, udindo kapena mendulo, mwini faelo ndi Department of Defence, ndipo mafaelo akale ali ku nyumba yawo yosunga zakale ku Irene, pafupi ndi Centurion. Kukonza kumodzi sikukonza kwinako.

Vuto la abale athu ambiri ndi dzina lomwe linasintha polembetsa ID ya kuno. Chirwa anakhala Tshirwa, Phiri anakhala Piri, ena anatenga chiwongo cha banja lomwe linawasunga. Ngati ndi kalembedwe chabe, a Home Affairs amakonza. Ngati ID inapezedwa mwa njira ya chidule, kaonaneni kaye ndi loya kapena a Legal Aid, chifukwa pofuna kukonza faelo mutha kudzutsa nkhani ina yaikulu.

Wofuna kudziwa mendulo yomwe wagwira m'manja apite ku Ditsong National Museum of Military History ku Saxonwold, pafupi ndi malo osungira nyama. Kuli mamendulo ambirimbiri oti mufanizire.

Ndalemba kalata miyezi yapita koma kuli zii. Nditani?

Kuno malamulo ali kumbali yanu ngati mukuwadziwa. Lamulo la PAIA la 2000 limakupatsani ufulu wopempha kope la faelo, ndipo ofesi ya boma iyenera kuyankha pasanathe masiku 30. Lamulo la POPIA la 2013, gawo 24, limakupatsani ufulu wopempha kuti zolembedwa za inu zikonzedwe ngati zili zolakwika. Akakukanirani, pemphani zifukwa zolembedwa pasanathe masiku 90, ndipo ngati mukufuna khoti liunike chiganizocho musadutsitse masiku 180. Palinso ofesi ya Military Ombud, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2012, yomwe imamva madandaulo a asilikali ndi omwe anapuma. Nayonso ili ndi malire a nthawi, choncho musagone.

Ku Malawi njira yofanana ndi ofesi ya Ombudsman, komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Konsekonse, chomwe chimakupulumutsani ndi kope lodindidwa tsiku. Foni siisiya mapazi. Mukalankhula ndi munthu pafoni, lembani tsiku ndi zomwe wanena, kenako mutumize imelo yobwereza zomwezo.

Mwana wathu analowa usilikali ku America. Kumeneko zimayenda bwanji?

America ndi komwe njira yake inalembedwa momveka kuposa kwina konse, ndipo zambiri zimatheka pa intaneti muli konkuno. Pepala lalikulu la msilikali wopuma ndi DD Form 214, lomwe limasonyeza masiku a ntchito, udindo, mamendulo ndi mtundu wa katulukidwe. Kope la faelo limapemphedwa ndi fomu ya SF 180 ku National Personnel Records Center ku St. Louis, Missouri.

Pofuna kukonzetsa cholakwika kapena chosalungama mumalemba DD Form 149 kupita ku komiti yokonza mafaelo ya nthambi yomwe munthuyo anali. Asilikali a pamtunda ali ndi yawo, a m'mlengalenga yawo, ndipo a panyanja ndi a Marine amagwiritsa komiti imodzi. Lamulo limati mupemphe pasanathe zaka 3 chidziwireni cholakwikacho, koma komiti imatha kumva pempho lochedwa ngati chilungamo chikufuna kutero, bola mufotokoze chomwe chinakuchedwetsani. Pempho likavomerezedwa amatulutsa DD Form 215 yokonza, kapena 214 yatsopano.

Ngati nkhani ndi mtundu wa katulukidwe, fomu yake ndi DD Form 293 ndipo malire ake ndi zaka 15 chitulukireni. Zikadutsa mumabwerera ku 149 ija. Makomitiwa amayamba ndi maganizo akuti faelo ili bwino, ndipo ntchito yosonyeza kuti yalakwika ndi yanu. Safufuza m'malo mwanu.

Akuti faelo inatayika kapena inapsa. Ndiye kuti zathera pomwepo?

Ayi. Pa 12 Julayi 1973 moto unabuka ku nyumba ya mafaelo ya ku St. Louis ija n'kuwononga mafaelo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, ambiri a asilikali a pamtunda omwe anatuluka ntchito kuyambira 1912 mpaka 1960. Komabe mpaka lero akumanganso mbiri za anthu pogwiritsa mapepala a malipiro, a zipatala ndi a magulu. Nzeru yomweyo imagwira kulikonse: msilikali amasiya mapazi m'mabuku ambiri, osati m'faelo yake yokha. Analandira malipiro, anagona m'chipatala, anakwera sitima, analembera mkazi wake kalata yokhala ndi chidindo cha asilikali.

Umboni wolembedwa nthawi yomweyo umaposa wa pakamwa wa lero. Koma wa pakamwa suli chabe. Anzake awiri omwe anali naye gulu limodzi, aliyense akalumbira payekha n'kulemba nambala yake, amamveka. Asamangokopera mawu amodzimodzi, chifukwa makalata awiri ofanana mpaka mpumiro amaoneka kuti analemba ndi munthu mmodzi.

Dzina la m'bale wathu linalakwika pa manda a nkhondo, kapena silikupezeka n'komwe.

Manda ndi zipilala za omwe anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zimasamalidwa ndi Commonwealth War Graves Commission, ndipo imalandira mapempho okonza dzina kapena kuonjezera munthu ngati pali umboni wolembedwa. Mu Epulo 2021 bungweli linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a ku Africa, omwe anafa pa nkhondo yoyamba sanalembedwe maina paliponse. Ambiri mwa iwo anali amtengatenga, ndipo ku Nyasaland kunatengedwa ochuluka zedi. Ntchito yosaka maina ikupitirira. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa chikumbutso cha anthu oposa 1,700 a kuno omwe anaiwalidwa motero. Ngati m'banja mwanu muli kapepala, kakhobidi ka nambala kapena kaundula wa mishoni wonena za munthu yemwe sanabwerere, atumizireni chithunzi chake.

Agogo analandira ndalama zochepa kuposa azungu potuluka nkhondo. Izi zingakonzedwe?

Zimapweteka, koma si cholakwika cha m'faelo. Linali lamulo lenileni la nthawiyo. Pa nkhondo yachiwiri, m'magulu ankhondo a Britain, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse wa ntchito, pomwe wakuda wa udindo womwewo ankawerengeredwa atatu ndi theka. Chimodzimodzi anthu akuda a South African Native Labour Corps, gulu la omwe anamira ndi sitima ya Mendi pa 21 Febuluwale 1917 ndipo chipilala chawo chili ku manda a Avalon ku Soweto: boma la kuno linawamana mendulo ya nkhondo mwadala. Ofesi yokonza mafaelo ilibe mphamvu pa zimenezi. Ndi nkhani ya maboma ndi aphungu.

Pali munthu akuti tikamupatsa ndalama atitulutsira mapepala mwachangu.

Musamupatse. Mafomu onse tatchulawa ndi aulere. Ndalama zoyenera kutuluka m'thumba mwanu ndi za fotokope, zotumizira makalata, mwina womasulira wovomerezeka ndi kafizi kochepa kolembedwa pa lisiti. Mayi wina wa kuno anapereka malipiro ake a mwezi wathunthu pamodzi ndi kalata yeniyeni yotulukira ntchito ya malemu mwamuna wake, ndipo zonse zinapita ndi mkulu yemwe nambala yake ya foni siikugwiranso. Ndalama anadzapeza zina, koma kalatayo inali imodzi yokha.

M'banja ndani ayenera kusaina pempholo?

Mwiniwake ngati ali moyo. Ngati anamwalira, maofesiwa amatsata m'bale wapafupi mwa kawerengedwe kawo: woyamba ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, kenako ana. Ku ofesi ya mamendulo ya Britain, mwana wamkulu ndiye amatsogola. Izi zimagundana ndi mwambo wa ambiri a ife, pomwe mwinimbumba kapena mphwa wa malemu ndiye amayang'anira za pabanja. A malume angakhale ndi mawu onse pabwalo, koma pa fomu dzina lawo silidutsa ngati mkazi kapena mwana alipo. Khalani pansi musanalembe, mugwirizane yemwe asaine ndi yemwe asunge mamendulo akabwera, chifukwa amapereka kamodzi ndi kwa munthu mmodzi. Konzani kalata ya imfa, kalata ya ukwati ndi makalata a kubadwa. Ukwati ukakhala wa ankhoswe wopanda pepala, ankhoswe omwe akadali moyo alumbire, ndipo a mfumu adinde.

Kodi ndingavale mamendulo a malemu bambo anga pa mwambo wa Novembala wokumbukira omwe anafa kunkhondo?

Mungavale, koma kudzanja lamanja la chifuwa. Kumanzere ndi kwa mwini mendulo yekha. Kuvala kumanzere mendulo yomwe simunapatsidwe ndi mlandu kuno ku South Africa, ndipo ku America kumatha kukhala mlandu mukanama kuti ndi yanu pofuna kupeza nayo thandizo. Mukapita ku chipilala cha pafupi ndi laibulale yaikulu mkati mwa Johannesburg Lamulungu la chikumbutso, mudzaona adzukulu angapo atavala kumanja, ena atanyamulanso chithunzi cha mwini wake.